Rauta ya AC1200 ya tinyanga tinayi: miyezi 8 ndili nayo m'nyumba

Chomwe chinandifikitsa pogula rauta ina, chipangizo chomwaza intaneti m'nyumba pa Wi-Fi, ndi msonkhano wa pa Zoom. Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo masiku atatu pa sabata ndimagwirira kunyumba, m'kachipinda kakumapeto kwenikweni. Tsiku limenelo abwana anandiponyera funso, ine n'kuyankha bwinobwino pafupifupi mphindi yathunthu, manja akuyenda, osadziwa kuti kwa anzangawo nkhope yanga yauma kalekale, kukamwa kuli yasa. Kabokosi komwe a kampani ya intaneti anatiikira kanali pabalaza, kuseri kwa TV, ndipo pakati pa iko ndi ine panali makoma atatu. Madzulo ake ndinawauza bambo a ana kuti zandikwana.

Ndinagula rauta ya m'gulu lomwe pakatoni amalemba kuti AC1200. Ndi yakuda, ili ndi tinyanga tinayi toimirira, ndipo kumbuyo kuli mabowo asanu olowetsa zingwe: limodzi la buluu lolembedwa WAN lolandirira intaneti, anayi achikasu olembedwa LAN olumikizira zipangizo za m'nyumba. Ndineneretu kuti rautayi ndi yabwino, ndipo itati yafa lero ndikhoza kugulanso yomweyi. Koma sabata ziwiri zoyambirira ndinatsala pang'ono kuibweza. Chitsulocho chinalibe vuto. Vuto linali loti zinthu zomwe zimachititsa kuti intaneti ya m'nyumba iyende kapena ikanike anazibisa m'kati mwa makonzedwe, ndipo kapepala ka malangizo komwe kali m'katoni sikazitchula n'komwe.

Nambala ya 1200 ija isakukopeni. Rautayi imaulutsa mbali ziwiri, ina pa 2.4 GHz yomwe pamapepala imafika 300 Mbps (Mbps ndi muyezo wa liwiro la intaneti), ina pa 5 GHz yomwe imafika 867 Mbps. Mukaphatikiza ndi 1167, iwo n'kuikwezako kuti ioneke bwino pakatoni. Foni yanu imagwira mbali imodzi pa nthawi, choncho 1200 simudzaiona ndi maso. Komanso ife timalipira intaneti ya 30 Mbps, ndipo rauta siibala liwiro lomwe kampani sinakupatseni. Bambo a ana ankadandaula kuti akamatsitsa fayilo amangoona 3 kapena 3.5 pomwe tikulipira 30. Nkhani yake ndi yoti kampani imawerenga mabiti, pomwe kompyuta potsitsa imawerenga mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8, ndiye 30 mukaigawa ndi 8 siifika n'komwe pa 4. Ntchito yomwe ine ndinkaifunira rautayi inali imodzi, kunyamula 30 yomweyo n'kuifikitsa kuchipinda kwanga isanathere panjira. Chimodzi chokha choti muonetsetse pogula: marauta ena a AC1200 mabowo awo ndi a 100 Mbps basi. Yangayi ndi ya gigabit, kutanthauza 1000 Mbps, ndiye tikadzakweza intaneti sidzatipanikiza.

Usiku woyamba cholakwa chinali changa. Ndinatenga chingwe chochokera ku kabokosi kakale n'kuchilowetsa m'bowo lomwe linali pafupi ndi dzanja, lachikasu. Magetsi anayaka, dzina la Wi-Fi linaoneka pafoni, ndinalemba pasiwedi yomwe ili pasitika kunsi kwa rauta, basi ndinadziona katswiri. Foni ya mwana wanga wamkazi inkatsegula YouTube bwinobwino. Yanga inkati yalumikizika koma intaneti palibe. Laputopu mawa lake inagwira, masana n'kukana. Nditathedwa nzeru ndinaimbira mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo a ana, yemwe ntchito yake ndi yomweyi.

"Alamu, chingwecho mwachilowetsa pati?"

"Kumbuyo."

"Kumbuyo ndamva, koma bowo la mtundu wanji?"

Nditati lachikasu anaseka mpaka kutsokomola. Anandifotokozera kuti chipangizo chilichonse chikalowa pa netiweki chimapempha adilesi, ndipo wogawa maadilesiwo ndi rauta, kudzera mu chomwe amati DHCP. Mmene ndinalumikizira ine, m'nyumba munali ogawa awiri, kabokosi kakale ndi rauta yatsopano, onse akuyankha nthawi imodzi. Foni yomwe yayankhidwa ndi kabokosi kakale inkapita pa intaneti. Yomwe yayamba kuyankhidwa ndi rauta yatsopano inkalozeredwa khomo lomwe kunja kwake kulibe msewu. Ndinasamutsa chingwe kupita m'bowo la buluu, ndipo m'mphindi imodzi zonse zinali myaa.

Apa m'pomwe ndinatsegula tsamba la makonzedwe koyamba. Mumalemba 192.168.0.1 pamwamba pa Chrome, pomwe mumalemba maadilesi a mawebusayiti, ndipo rauta imakuyendetsani ndi mafunso ochepa. Mbali imeneyi opanga rautayi ndiwayamikire. Isanakulole kuchita chilichonse imakukakamizani kupanga pasiwedi yanuyanu yolowera m'makonzedwe, palibe za admin ndi admin zomwe zili pa kabokosi kakale mpaka lero. Si nkhani yochepa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta ankhaninkhani pongoyesa maina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 omwe zipangizo zimabwera nawo kuchokera kufakitale, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zolandidwazo zinagwiritsidwa ntchito kugwetsa kampani ya Dyn, yomwe inkalozera makompyuta komwe kuli mawebusayiti, anthu ambiri n'kulephera kutsegula Twitter ndi Netflix kwa maola angapo. Kungoti dziwani kuti mapasiwedi ndi awiri, ya Wi-Fi yomwe mumapatsa anthu, ndi ya makonzedwe yomwe simupatsa munthu. Bambo a ana anazisokoneza katatu konse, rauta n'kuwatsekera kunja kwa kanthawi, iwo n'kumati yawonongeka.

Chomwe mafunso aja safunsa, ndipo ndi chomwe ndimawadandaulira kwambiri, ndi ichi: kodi m'nyumba mwanu muli kale rauta ina? Anthu ambiri ogula rauta ngati imeneyi ali nako kale kabokosi ka kampani, ndipo kabokosiko nakonso ndi rauta. Mukangolumikiza ziwirizi osasintha kanthu, m'nyumba mumakhala manetiweki awiri, ina m'kati mwa inzake, ngati nyumba ya mipanda iwiri, mpanda uliwonse ndi mlonda wake. Kabokosi kakale kankagawa maadilesi oyamba ndi 192.168.1, rauta yatsopano oyamba ndi 192.168.0. Kutsegula Facebook kunalibe vuto, choncho sabata yathunthu sindinadziwe kanthu. Ndinadzadzimuka tsiku lofuna kupulinta malipoti a kumapeto kwa mwezi. Pulinta inali ikadali pa Wi-Fi yakale, laputopu pa yatsopano, zili patebulo limodzi koma osaonana. Mwana wanga wamwamuna nayenso anali atayamba kale kulira kuti gemu yake ikukana kumulumikiza ndi anzake, ikunena za NAT. Akatswiri vutoli amalitcha double NAT.

Maadilesi a 192.168 amenewa, mlamu anandiuza, anapatulidwa mu 1994 kuti azigwira ntchito m'kati mwa nyumba ndi maofesi basi, sayenda pa intaneti. N'chifukwa chake rauta ya aneba anu ikhoza kukhala ndi adilesi yofanana ndendende ndi yanu popanda kukangana.

Njira yachidule inalipo, ndipo ndinaipeza nditafufuza pafupifupi ola. Pansi pa Advanced pali posankha kuti rauta igwire ntchito ngati access point. Mukasankha pamenepo imasiya kugawa maadilesi, imangokhala mlongoti wa Wi-Fi, ndipo nyumba yonse imabwerera pa netiweki imodzi. Pulinta inaoneka nthawi yomweyo. Koma zinthu ziwiri zinandidabwitsa. Tsamba la makonzedwe linasowa, chifukwa 192.168.0.1 inali itasiya kugwira ndipo rauta inali italandira adilesi ina kuchokera ku kabokosi kakale, moti ndinachita kukaifunafuna pa mndandanda wa zipangizo m'kabokosimo. Nditalowa ndinapeza kuti zoletsera ana ndi zogawira liwiro zachoka pamndandanda. Mu access point mulibe zimenezo, popeza ulamuliro wonse wabwerera ku kabokosi kakale. Rauta inangondichenjeza kuti izima n'kuyakanso. Zoti nditaya zinthu zimenezi sinanene.

Ndiye ndinatsata njira yaitali. Ndinaimbira kampani ya intaneti kuwapempha kuti kabokosi kawo akaike pa bridge mode, kutanthauza kuti kazingodutsitsa intaneti osachita china chilichonse, komanso andipatse dzina ndi pasiwedi ya PPPoE zomwe rauta yanga izilowera nazo kwa iwo. Ndinaimba kanayi. Awiri oyamba anandiuza kuti ndizimitse n'kuyatsanso, wachitatu anati zimenezo sizitheka, wachinayi anachita m'mphindi 10 akucheza nane. Kuchokera tsiku limenelo rauta yanga ndiyo mwini nyumba, kabokosi kakale kangokhala phee pakona, Wi-Fi yake yozima. Ngati kampani yanu ikulola, yambirani pamenepa, musazungulire mmene ndinazungulirira ine.

Zonsezi zitatha, kuchipinda kwanga kunali kusanasinthe kwenikweni. Timizere ta Wi-Fi tinali titatu m'malo mwa kamodzi, koma madzulo Zoom inkadukabe. Mtima unandiwawa, ndalama zapita. Mlamu anandiuza kuti nditsitse kapulogalamu ka pafoni koonetsa ma Wi-Fi onse ozungulira, ndipo nditatsegula ndinachita kakasi. Manetiweki a aneba analipo 14, ambiri ataunjikana pamodzi ndi yanga. Mbali ya 2.4 GHz ili ndi matchanelo 13 m'mayiko ambiri, 11 ku America, koma atalikirana ndi 5 MHz yokha pomwe Wi-Fi imodzi imadya malo okwana 20 MHz. Omwe sapondana ndi atatu basi, 1, 6 ndi 11. Rauta yanga inali pa Auto, ndipo Auto wakeyo anasankha tchanelo 4, pomwe inkapondana ndi a pa 1 komanso a pa 6. Kuwonjezera apo inali itadzitambasula kufika 40 MHz, ngati munthu wokhala mipando iwiri m'chipinda chodzaza. Ndinaiika pa 11, pomwe panali aneba awiri okha ofooka, n'kuibweza pa 20 MHz. Pamapepala liwiro latsika, koma kudukaduka kuja kunachepa usiku womwewo. Auto wa rautayi sindimukhulupiriranso.

Mbali ya 5 GHz ndi ina. Ili ndi malo ambiri, aneba ochepa, ndipo pabalaza imandipatsa 30 yonse popanda kukayika. Koma makoma imawaopa. Ikadutsa limodzi ikadali bwino, ikadutsa atatu yatha. Rautayi inabwera itaphatikiza mbali ziwirizi pa dzina limodzi kuti izisankha yokha, ndipo laputopu yanga inkakakamira 5 GHz yofooka pomwe 2.4 GHz yamphamvu ilipo. Ndinazipatula, iliyonse dzina lake. TV ndi gemu zili pa 5, pulinta ndi foni yakale ya apongozi zili pa 2.4 chifukwa 5 sizimuona n'komwe. Chinanso chomwe ndinadzionera ndekha: wina akayatsa microwave, nyimbo pa 2.4 zimajejema. Chophikiracho chimagwira ntchito cha pa 2.45 GHz, pakati penipeni pa njira ya Wi-Fi.

Koma kusintha kwakukulu kuposa konse sikunafune kudina kalikonse. Rauta yatsopano ndinali nditaiika pomwe panali kabokosi kakale, kuseri kwa TV, pansi, pakona ya nyumba, theka la mphamvu yake likupita panja kukatumikira msewu. Ndinagula chingwe cha Cat5e cha mamita 10, n'kuchiyendetsa m'mbali mwa khoma, rauta n'kuikweza pashelefu pakhomo lolowera kuzipinda, pamwamba kuposa mutu wanga, tinyanga tonse tili chilili. Kapulogalamu kaja kamayeza mphamvu ndi nambala zokhala ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo, ndipo nambala ikayandikira 0 ndiye kuti zili bwino. Patebulo langa inali -78, itasamuka inafika -61. Kuyambira pamenepo nkhope yanga sinaumenso pamaso pa abwana. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati kabokosi kakale kaja sikakanachita zomwezi ndikanangokasamutsa, koma funso limeneli sindilifunsa bambo a ana ali pafupi.

Pa chitetezo rautayi yachita bwino pena, pena ayi. Inabwera pa WPA2, njira yotsekera Wi-Fi yomwe yakhalapo kuyambira 2004 ndipo ikadali yodalirika ngati pasiwedi ndi yaitali. Nditaikamo firmware yatsopano, pulogalamu yoyendetsa rautayo, panabwera WPA3, ya 2018. Ndinaiyatsa mwachangu, pulinta ndi foni ya apongozi zonse n'kugwa pa netiweki. "Mwandichotsa pa Watsapu, mwananga, ndalakwanji?" Ndinabwerera posankha zonse ziwiri pamodzi, zatsopano zizilowa ndi WPA3, zakale ndi WPA2, ndipo mtendere unabwerera. Chomwe sindinakondwe nacho ndi WPS, yomwe inabwera yoyatsa. Ndi njira ija yolowera pa Wi-Fi ndi nambala ya manambala 8 m'malo mwa pasiwedi. Mu Disembala 2011 Stefan Viehböck anaonetsa poyera kuti rauta imayang'ana manambala anayi oyamba paokha, otsalawo paokha, ndipo lomaliza ndi longotsimikizira enawo. Choncho m'malo moyesa kokwana 100 miliyoni, wakuba amangofunika kuyesa kosaposa 11,000. Marauta a masiku ano amatseka munthu akalakwitsa kangapo, komabe chinthu chomwe sindichigwiritsa ntchito ndisiyirenji chotsegula? Ndinaizimitsa, ndinaonetsetsanso kuti zolowera m'makonzedwe uli kunja kwa nyumba n'zozima.

Netiweki ya alendo ndiyo ndimaikonda kopambana. Mumayatsa dzina lachiwiri lokhala ndi pasiwedi yake, ndipo wolowera pamenepo amapita pa intaneti koma laputopu yanga, momwe muli mabuku a ndalama za anthu, saiona. Anzawo a ana akabwera ndimawapatsa imeneyo, mwezi ukatha ndasintha, osakhudza zipangizo za m'nyumba.

Zoletsera ana zimagwira, koma kwa mwana wogona tulo. Ndinaika kuti foni ya mnyamata wanga, wa zaka 14, izizima pa intaneti 9 koloko usiku. Sabata yoyamba zinatheka, anandikwiyira bwino lomwe. Sabata yachiwiri anasiya kudandaula, ndipo kholo lililonse likudziwa kuti mwana akasiya kudandaula msanga pali nkhani. Nditayang'ana mndandanda wa zipangizo ndinapeza foni yachilendo yopanda dzina, yomwe imayamba ntchito 9 koloko ikangokwana. Rauta imazindikira chipangizo ndi nambala yake yotchedwa MAC, ndipo mafoni a masiku ano, kuyambira Android 10 ndi iOS 14, amatha kubisa nambala yeniyeni n'kuonetsa yopeka. Iye ankangosintha pamenepo, rauta n'kumulandira ngati mlendo wopanda lamulo. Rautayi ilibe njira yophweka yonenera kuti chipangizo chilichonse chatsopano chiyambe chadikira chilolezo. Ilipo yolemba mndandanda wa ololedwa okha, koma ndi ntchito, chifukwa foni iliyonse yatsopano muyenera kukailembetsa pamanja. Ndinachita zomwezo. Mnyamatayo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Amayi, mwaphunzira kuti zimenezi?"

Ndinasinthanso DNS, yomwe ili ngati buku lomasulira dzina la webusayiti kukhala adilesi ya manambala. Ambiri amadziwa 8.8.8.8 ya Google ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare. Ine ndinaika 1.1.1.3, ya Cloudflare yomweyo, yomwe inayamba mu 2020 ndipo imatsekereza masamba olaula ndi a mavairasi. Mukaiika pa rauta imagwira nyumba yonse kamodzi. Mpanda wake si wautali kwambiri, mwana wodziwa VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti njira ina, amaulumpha, koma wamng'ono wa zaka 8 sangagwere m'zinthu mwangozi. Pulinta ndinaipatsa adilesi yokhazikika kuti isamasinthe rauta ikazima, ndipo nkhani ya laputopu kuiwala pulinta inathera pomwepo.

Zotsala ndi zing'onozing'ono. Pulogalamu yake ya pafoni ndi yokongola koma imafuna mutsegule akaunti, ndipo zinthu ngati kukula kwa tchanelo mulibemo, muyenera kubwerera pa tsamba lija. Bowo la USB palibe, kwa ine zilibe kanthu. Magetsi ake obiriwira ndi owala ngati a ndege, mwamwayi pali pozimitsira usiku. Imafunda pang'ono koma sinazimepo yokha, ndipo pa miyezi 8 ndaizimitsa n'kuyatsa kawiri kokha, kamodzi vuto linali la kampani. Zipangizo 13 zimakhalapo madzulo popanda kukankhana. Ndi Wi-Fi 5, si Wi-Fi 6 yomwe inabwera pambuyo pake, koma pa intaneti ya 30 Mbps kusiyanako simungakuone.

Mukamaliza kukonza, pitani posungira makonzedwe mutsitse kafayilo kake. Ine ndinaphunzira mochedwa. Bambo a ana tsiku lina intaneti itachedwa anatenga kachitsulo kopanira mapepala n'kudina kabowo kolembedwa Reset, akuganiza kuti ndi kuzimitsa n'kuyatsa. Anagwira masekondi 10, ndipo ntchito yanga ya sabata ziwiri inapita yonse, PPPoE, matchanelo, mndandanda wa ololedwa, zonse psiti. Tsiku limenelo tinalankhulana mawu ochepa. Ndinakonzanso Loweruka lonse, fayilo ndinaisunga malo awiri, ndipo pa kabowo kaja pali selotepi.

Wokhala m'nyumba ya zipinda zitatu kapena zinayi, yopanda nsanjika, yemwe angapirire madzulo awiri akuwerenga makonzedwe kapena ali ndi mlamu ngati wanga, rautayi imukwanira. Wa nyumba yosanja kapena ya makoma okhuthala kwambiri asadzivutitse, tinyanga tinayi sitiboola konkire, ayang'ane za mesh, tizipangizo tingapo togwirizana kumwaza Wi-Fi imodzi, kapena akoke chingwe n'kuika access point yachiwiri. Kwathu malo amodzi omwe akanikabe ndi kubafa, komwe Wi-Fi imafika kamzere kamodzi. Mnyamata uja wapempha kale kawiri kuti ndikonze, ine ndamuuza kuti ndikuganizira.